Tinapita Kukafuna Phiri la m'Filimu

Mapepala athu okhalira mu Ireland atatuluka, anthu a kutchalitchi ankatifunsa kuti tiyamba ndi chiyani. Ine ndinkati ntchito, nyumba, kenako sukulu ya mwana. Amuna anga, a Lyson, ankangomwetulira. Yankho lawo ndinalimva patatha chaka ndi theka, tsiku lina atabwera kuchokera ku Swords, kumene ankasenza katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Asanavule n'komwe jekete ya kuntchito, anayala mapu a France patebulo lathu ku Tyrrelstown, m'mphepete mwa Dublin.

"Mai a Takondwa, mupemphe tchuthi cha sabata imodzi. Tikupita uku."

Chala chawo chinali pansi kwambiri, kum'mawa kwa Bordeaux.

Ndifotokoze kaye za filimu. Zaka zinayi zimene tinakhala m'hositelo ya anthu odikira mapepala, lamulo silinkatilola kugwira ntchito. M'chipinda choonera kanema munali madisiki amene anthu achifundo anasiya, ambiri okalika. Imodzi yokha ndiyo inkafika kumapeto, nkhani ya ukwati umene unkangolephereka m'mudzi wa alimi a mphesa. A Lyson anaionera kosawerengeka. Tsiku losamuka anaipempha, ndipo palibe anakana. Tsopano anali atapita kulaibulale n'kusindikiza pa intaneti malo anayi amene anajambulirako filimuyo: nyumba yomwera khofi, mlatho, tchalitchi, ndi phiri la mpesa.

Ine ulendowo sindinaufune. Munthu amene wadikira kadi yokhalira m'dziko zaka zinayi satuluka nayo m'dziko kukasewera. Viza ya ku France anatipatsa ya masiku asanu okha, Lachitatu mpaka Lamlungu, ndendende ndi matikiti a sitima ya pamadzi. Sitima yobwerera inali Loweruka 6 koloko madzulo. Ina yotsatira inali Lachiwiri. Izi ndinaziwerenga katatu, kenako ndinazilemba pachikuto cha mapu.

Takondwa, amene anali ndi zaka zinayi, tinakamusiya ku Ballymun kwa Mai Zulu, mnzanga wa ku Chipata amene tinkagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba. Ndinali ndisanagonepo kutali ndi mwanayo chibadwire chake.

"Yendani chabe amake Takondwa, osavutika mtima," anatero Mai Zulu. "Manje mukabwere na vinyo, osati nkhani chabe."

Takondwa anatitsazika m'Chingerezi, maso ali pa zidole za ana a m'nyumbamo.

Tinanyamuka Lachiwiri cha m'ma 11 koloko pa kagalimoto kathu kofiira, kakale, kamene a Lyson anagula kwa mnzawo wa ku Poland. Chaka chimenecho msewu wa M50 unali wokumbidwakumbidwa, ndipo kulikonse kumene ungayang'ane kunali makina omangira nyumba. Tinakwawa ola lathunthu tisanatuluke mu Dublin. Ku Arklow tinayenda bwino, koma ku Gorey malole onse a dziko anali atakumana mumsewu umodzi wodutsa pakati pa masitolo. A Lyson ankagogoda chiwongolero ndi mphete, kutsegula zenera, kutseka, kutsegulanso.

"Sitima itisiya."

"Ikatisiya tibwerera kunyumba," ndinatero, ndipo mumtima ndinkapempha kuti itisiyedi.

Sinatisiye. Titafika padoko la Rosslare anatiuza kuti mphepo yakula panyanja, tidikire maola atatu. Tinaima pamzere wa magalimoto. Ena anatsitsa mipando n'kugona. A Lyson anayenda mzerewo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kubwerera, kukayang'ana madzi a galimoto, kupitanso. Kumbuyo kwathu kunali bambo wina wa ku Carlow ndi mkazi wake, ali ndi vani yopanda kanthu. Anandiuza kuti akupita kukaidzaza vinyo wa ukwati wa mwana wawo, chifukwa kutsidyako ndi wotchipa. Anandiuzanso za nyumba imene anagula ku Bulgaria koma sanaionepo ndi maso. Atamva kumene tikupita ifeyo, mkaziyo anaseka mokoma mtima.

"Ulendo wonsewo chifukwa cha filimu? Amuna anu ndi achikondi."

Ndinayang'ana a Lyson, amene panthawiyo anali atagwada akuyesa tayala ndi chala chachikulu. Sindinamutsutse mayiyo.

Za panyanja ndilibe zambiri. Ndinasanza mpaka kunacha. Tinafika padoko la Cherbourg ku France Lachitatu masana, ndipo pachipata magalimoto a azungu ankangodutsa. Ife anatilozera pambali. Wapolisi wachinyamata anatenga mapasipoti ndi makadi athu n'kulowa nawo m'kanyumba. Mphindi makumi anayi zimenezo ndimazikumbukira bwino kuposa mlatho ndi tchalitchi. Ndinawerenga njerwa za kanyumbako. Ndinaganiza za kabati ya Mai Zulu, ngati muli malo a zovala zonse za Takondwa ife tikapanda kubwerera. Wapolisiyo atatuluka anafunsa m'Chingerezi chothyokathyoka chimene tadzera. A Lyson anatulutsa chikuto cha disiki ija ndi pepala la kulaibulale. Mnyamatayo anayang'ana chikutocho, kuyang'ana ife, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Onse awiri anaseka, ndipo anatidindira.

Kuyenda kumanja kwa msewu kunali ntchito ya anthu awiri. Pa raundabauti iliyonse ndinkanena kuti "kumanja, kumanja," ngati ndikuimba. Chiwongolero chathu chinali mbali yolakwika, ndiye akafuna kupitirira lole, ine ndiye ndinkasuzumira n'kunena ngati kukubwera chinthu. Pa mageti olipirira msewu zenera linali mbali yanga, ndipo manja anga ndi afupi. Kawiri konse ndinachita kutsika. Tinadutsa Avranches, tinazungulira Rennes kawiri chifukwa ndinagwira mapu chadodolido, n'kukagona kunja kwa Nantes m'hotela ya pamsewu ya ma euro 35, imene bafa lake linali ngati kabati.

Lachinayi, 12 koloko itatsala pang'ono, tili chakumtunda kwa Niort, nthunzi inayamba kutuluka m'boneti. A Lyson anapatuka n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka m'kamudzi kena kamene kanali ndi galaja imodzi. Tinafika makaniko akukhoma chitseko. Anali bambo wamfupi wa ndevu zoyera. Anayang'ana nthunziyo, anagwedeza mutu momvetsa, analoza wotchi yake, anaimika zala ziwiri, n'kukwera njinga kupita kukadya.

Mudzi wonse unatseka naye limodzi. Sitolo, malo ogulitsa buledi, ngakhale mazenera a nyumba. Tinakhala pakhoma la galaja tikudya buledi wa dzulo ndi nsomba za m'chitini. Kunena zoona ndinakhala ndine. A Lyson anadya ataimirira, anazungulira galimoto, anapita kukaona kumene msewu ukuthera, anabwerera. 2 koloko makaniko anabwera, anatulutsa paipi ya madzi itang'ambika, n'kutionetsa ndi manja kuti ina ichokera kutauni. Anaimikanso zala ziwiri.

Ndinaimbira Mai Zulu. Anati zonse zili bwino, kungoti mwana ali ndi kachifuwa pang'ono. Anamupatsa foni. Ndinamufunsa m'Chichewa ngati wadya, iye anandifunsa m'Chingerezi ngati ndibwera lero. Ndisanayankhe, mayunitsi anatha.

"Tibwerere," ndinauza a Lyson. "Galimotoyi yatiuza."

"Tatsala ndi maola atatu okha."

"Mwana akutsokomola."

"Ana amatsokomola, mai a Takondwa. Tafika kale."

Tinalipira ma euro 80 n'kupitirira. Titadutsa Saintes minda ya mpesa inayamba, mizere yowongoka kukwera ndi kutsika zitunda, ndipo a Lyson anasiya kugogoda chiwongolero. Tinafika kupitirira Libourne dzuwa likulowa, n'kupeza chipinda kwa mayi wina wachikulire amene ankalandira alendo m'nyumba mwake.

Lachisanu linali tsiku la malo aja. Nyumba yomwera khofi tinaipeza msanga. M'filimu inali ndi zitseko zobiriwira ndi matebulo panja. Ife tinapeza ofesi yogulitsa nyumba, zenera lodzaza zithunzi, mitengo yake yolembedwa m'Chingerezi. Mtsikana wa mkatimo anati khofi sanagulitsidwepo m'menemo, a filimu anangopenta n'kubweretsa matebulo awo. A Lyson anati zikomo, n'kutuluka.

Mlatho unalipo, koma waung'ono, ndipo pambali pake panali bini ya zinyalala. Ndinawajambula ataima pakati. Ndisanatsitse kamera anali atayamba kale kubwerera kugalimoto. Tchalitchi chimene mkwatibwi wa m'filimu amafikako wapansi m'mphindi imodzi chinali m'mudzi wina, makilomita 30 kuchokera pamenepo. Chinali chokhoma. Anagwira chitseko, anasuzumira pabowo la kiyi, basi.

"Bambo a Takondwa, tayenda masiku atatu kuti tiziima mphindi ziwiri?"

"Latsala phiri."

Za phirilo pepala linangotchula mudzi woyandikana nalo. Koma dera lonselo ndi mapiri a mpesa okhaokha, ofanana ngati anabadwa tsiku limodzi. Tinalowa m'tinjira ta mathirakitala. A Lyson ankaima, kutsika, kuimika chikuto cha disiki kumaso, kupukusa mutu, kukweranso. Galu wina anatithamangitsa. Penapake tinatulukira pakhomo pa anthu akudya panja, onse n'kutembenuka mafoloko ali m'manja. Kuyambira 1 koloko mpaka dzuwa kupendeka sitinadye kanthu.

Anatipulumutsa ndi mayi mwini nyumba uja. Pa chakudya chamadzulo anaona chikutocho patebulo, anavala magalasi, n'kuloza kanyumba ka miyala kamene kanali pamwamba pa phiri m'chithunzicho. Chingerezi chake chinali cha mawu owerengeka, koma tinamva kuti mundawo ndi wa msuweni wa malemu amuna ake. Anajambula njira papepala lopukutira pakamwa. Mphindi makumi awiri, kulowera kum'mwera. Cherbourg inali kumpoto, maola asanu ndi awiri.

Tinapangana tisanadzuke patebulo. Chipata cha sitima chimatsekedwa 5 koloko. Tikafike kuphiri 7 koloko, aone, ajambule, 8 koloko tikhale pamsewu.

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Loweruka tinalipeza mosavuta. Kanyumba ka miyala kanali pomwepo. Zimene sitinayembekezere n'zakuti tinafika tsiku lokolola. M'mizere munali anthu ngati khumi ndi asanu, atawerama, aliyense ndi ndowa yake, ndipo mnyamata wina wamphamvu ankayenda pakati pawo ndi dengu lalikulu kumsana. A Lyson anatsika n'kuima. Anaima nthawi yaitali, manja ali m'mbali, osatulutsa chikuto, osapempha kamera.

Kenako analowa m'munda. Ndinawaona akulankhula ndi manja ndi mkulu wina wa chipewa chansalu. Mkuluyo anaseka, anawayang'ana m'manja, n'kuwapatsa ndowa ndi kasizasi kodulira. Ndinathamangira komweko.

"Mukutani? Viza yathu yalembedwa kuti osagwira ntchito."

"Sindikulandira kanthu. Mzere umodzi wokha."

"Akabwera oyendera mudzawauza m'chinenero chanji kuti simukulandira kanthu?"

"Mzere umodzi, mai a Takondwa."

Anawerama. Mphindi zochepa zoyamba ankafufuza, koma posakhalitsa dzanja lamanzere linadziwa polowera pansi pa masamba, lamanja n'kumadula, tsango n'kumagwera m'ndowa. Mayi wina wa mzere woyandikana anawauza kanthu, onse anaseka. Ine ndinabwerera kugalimoto. 8 koloko inakwana ali pakati pa mzere. Atafika kumapeto, 8:30, anaweramuka, anayang'ana kumene ndinali, ndipo ndinawaonetsa wotchi. Anaimika chala chimodzi n'kulowa mzere wachiwiri.

Ndinaliza hutala. Anthu onse anatembenuka kupatula iwo. Ndinakhala m'galimoto, ndinatsika, ndinakhalanso. Ndinawerengera maola pachikuto cha mapu ngati kuti asintha. Tikaphonya sitima, viza itha Lamlungu tili m'dziko la eni. Ndinkadziwa anthu amene chidindo chimodzi choipa m'pasipoti chinawabwezera kumbuyo zaka. Ndinkadziwanso kuti Lolemba 8 koloko ndikuyembekezeka pa shifiti, ndi kuti ku Ballymun kuli mwana amene anafunsa funso ine osamuyankha.

9:30 ndinatsegula kabokosi ka kutsogolo. Ndinatenga pasipoti yanga, kadi yanga ndi tikiti yanga. Zawo ndinaziika pampando wa dalaivala, makiyi pamwamba. Ndinanyamula chikwama changa n'kuyamba kutsika ndi msewu wafumbi. Ku Libourne ndinali nditaona siteshoni ya sitima ya pamtunda. Sindinkadziwa ngati ingandifikitse ku Cherbourg nthawi yake, sindinkadziwa n'komwe mtunda wa kukafika ku Libourne wapansi, koma kukhala m'galimoto muja sindikanathanso.

Ndinayenda mwina kilomita imodzi. Ndinamva injini yathu kumbuyo, ndipo sindinacheuke. Anayenda pambali panga pang'onopang'ono, zenera lili lotsegula.

"Kwerani."

Ndinakwera. Malaya awo anali atanyowa, manja akuda ndi madzi a mphesa mpaka m'zikhadabo, ndipo chala chimodzi chinkatuluka magazi pamene anadzicheka. Pampando wakumbuyo panali matsango atatu m'pepala la nyuzi. Inali 10 koloko.

Tinayenda mpaka kudutsa Saintes. Kenako a Lyson analankhula, maso ali pamsewu.

"Inu mumayesa ndinkaonera ukwati uja."

Ndinapinda mapu, iwo n'kupitiriza.

"Pamene mkwati ndi mkwatibwi akukangana pakhonde, kumbuyo kwawo, kuphiri, kuli munthu wavala chipewa. Akudula mphesa. Sayang'ana kamera, sakudziwa kapena sakusamala. Amaoneka pang'ono chabe, kenako kamera imachoka. Ine ndinkaonera ameneyo."

Tisanabwere kuno a Lyson anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi m'minda ya tiyi ku Thyolo, kuyambira kuthyola mpaka kukhala kapitawo. M'hositelo sankatchula za tiyi ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine ndinkayesa anaiwala.

"Ndinkadzuka m'mawa, manja alibe chogwira," anatero. "Ndiye ndinkapita kukamuona munthu uja akugwira ntchito."

Ndinamva, ndipo zinandilowa. Koma singano ya kutentha kwa injini inali itayamba kukwera, ndipo chikwangwani chinkati Nantes makilomita oposa 200.

"Ndamva," ndinatero. "Yendetsani."

Kuti injini isawire, anayatsa hita ya m'galimoto mpaka kumapeto, monga anawalangizira makaniko uja ndi manja. Tinayenda masana onse mazenera ali otsegula, mpweya wotentha ukutiwotcha mapazi. Ku Nantes tinataya mphindi makumi awiri pamzere. Tinaima kamodzi kokha kuthira petulo, ndipo ali pampopi ine ndinkawapukuta manja ndi tinsalu tonyowa ta Takondwa timene tinatsala m'chikwama. Zakudazo sizinachoke. Rennes tinaidutsa osasochera. Pa Avranches inali 4 koloko itapitirira, ndipo ndinasiya kuyang'ana wotchi.

Tinafika padoko 5:20. Mzere wa magalimoto unali utatha, bwalo lonse lili mbee, sitima ili chiimire ndi chitseko chake chachikulu chotsegula. Mayi wa pazenera la matikiti anayang'ana wotchi, anayang'ana nkhope yanga, n'kulankhula pa wailesi yake ya m'manja. Anadikira yankho. Kenako anatipatsa kapepala kopachika pagalasi n'kutiuza ndi dzanja kuti tifulumire. Pa apolisi ndinapereka mapasipoti ndine, a Lyson manja ali pansi pa chiwongolero. Wapolisiyo sanatiyang'ane n'komwe kawiri. Tinali galimoto yomaliza kulowa, ndipo chitseko chinayamba kukwera tisanazimitse injini.

Tinakwera pamwamba, panja, pamene pali mabenchi. Ndinabwereka foni kwa mayi wina wa ku Wexford n'kuimbira Mai Zulu tisanatalikire kumtunda. Chifuwa chinali chitachepa. Takondwa anakana kubwera pafoni chifukwa ankaonera katuni. Ndinauza Mai Zulu kuti vinyo wawo tamuiwala.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Bwerani chabe."

A Lyson anabwera ndi makapu awiri a tiyi n'kukhala pambali panga. Doko linkachepa kumbuyo kwathu. Anamwa pang'ono, anayang'ana m'kapu monyoza monga amachitira ndi tiyi aliyense wa m'timatumba, kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Mukanakweradi sitima ku Libourne?"

"Eya."

"N'kundisiya ine kumeneko?"

"Eya."

Anatembenuza kapu m'manja akuda aja.

"Mukanachita bwino," anatero.

Anafutukula pepala la nyuzi pabenchi pakati pathu. Mphesa zinali zitaphwanyika ndi kutentha kwa m'galimoto, zina zitayamba kununkha ngati mowa. Tinasankha zabwinozo n'kudya, njere tikulavulira m'kapu.